Rock ndi metal: phokoso kapena luso? Mafunso a okonda nyimbo m'Chigwa cha Shire

Ambiri a ife kuno ku Chikwawa ndi Nsanje tinayamba kumva gitala ya rock tisanadziwe n'komwe dzina lake. Imalira m'mafilimu ankhondo a m'nyumba zoonetsera kanema, imalira katswiri wa wrestling akamalowa m'bwalo, ndipo masiku ano imafika pa foni kudzera pa intaneti kapena pa memory card yodzazitsa pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula. Ikangolira, anthu amagawikana pawiri. Ena amati ndi phokoso la anthu osokonezeka mitu, ena amati muli luso lakuya limene wongodutsa sangalimve. Ngakhale okonda chambachi pawokha sagwirizana, amatha madzulo onse akutsutsana kuti chimbale chopambana n'chiti. Mtsutso umenewu ndi wabwino, bola ukhale ndi pogwira. Nawa mafunso amene amabuka kawirikawiri.

Kodi rock ndi metal ndi chamba chimodzi?

Ndi zapachibale, koma si chinthu chimodzi. Rock inayambira ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo zida zake n'zochepa: gitala yamagetsi, besi, ng'oma ndi mawu a woyimba. Metal inatuluka m'kati mwa rock patapita zaka pafupifupi 15. Ambiri amaloza ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England, kwawo kwa gulu la Black Sabbath limene linatulutsa chimbale chake choyamba mu February 1970. Woliza gitala wa gululi, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a m'fakitale ya malata ali ndi zaka 17. Kuti asasiye kuyimba anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala kuzala, nayamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, kenako n'kumazimasulako kuti zisamamupweteke. Nsambo zomasuka zimalira pansi ndiponso molemera, ndipo kulemera kumeneko kunasanduka chizindikiro cha metal. Mukafuna kusiyanitsa ziwirizi ndi khutu, mverani chimene chasenza nyimbo. Mu rock kawirikawiri ndi woyimba ndi kolasi yake. Mu metal ndi riff, kachidutswa kakafupi ka gitala kamene kamabwerezedwa mwamphamvu mpaka nyimbo yonse kuyima pa iko.

Nanga si phokoso chabe limeneli? Gitala yolira mosasa choncho, luso lake lili pati?

Kusasako n'kochita kufuna, ndipo kuli ndi mbiri yake. Mu 1951 ku Memphis gulu la Ike Turner linajambula nyimbo ya "Rocket 88" ndi ampu yowonongeka, ndipo wojambula anakonda mmene inkalirira. Mu 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks anachita kucheka sipika yake ndi lumo kuti apeze mawu otero. Lero oyimba ali ndi timakina toponda ndi phazi tosasitsira gitala pa mlingo umene akufuna. Koma munthu wa kuno safunika kupita kutali kuti amvetse zimenezi. Opanga ulimba, umene Asena amati valimba, amapachika zikho pansi pa matabwa, amaboola zikhozo, n'kumata pabowo kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake. Amavutikira zonsezi kuti thabwa likamenyedwa mawu atuluke onthunthumira. Woyimba bangwe naye amamangirira zitsekerero za mabotolo kuti nsambo iliyonse ikalira pakhale choyiperekeza. Makolo athu anazindikira kalekale kuti mawu osalala kwambiri amamveka ozizira. Choncho poweruza chimbale cha metal, funsani ngati kusasako kwayikidwa pamalo pake. Zida zikamaphimbana mpaka osadziwa ikulira ndi iti, limenelo ndiye phokoso. Zikamalira mwamphamvu koma inu n'kumatha kutsata besi payokha, ng'oma pazokha ndi magitala awiri akuyankhana, pamenepo pali luso, longa limene timalimva anthu atatu akakhalira ulimba umodzi, aliyense akumenya mbali yake osaponda mnzake.

Kodi nyimbo zimenezi si za azungu?

Ili ndi bodza lofala kwambiri. Rock inaphuka kuchokera ku blues ndi nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America. Sister Rosetta Tharpe, mayi woyimba nyimbo za m'tchalitchi, ankaliza gitala yamagetsi mwamphamvu m'zaka za m'ma 1940, oyimba rock asanatchuke. Chuck Berry ndi Little Richard ndi ena mwa amene anaumba rock m'zaka za m'ma 1950. Anyamata a ku England amene anadzatchuka pambuyo pake, monga The Rolling Stones ndi Led Zeppelin, anaphunzira pomvera zimbale za akuluakulu a blues monga Muddy Waters. Jimi Hendrix, amene oliza gitala ambiri amamulemekeza koposa onse, anali munthu wakuda. Kuno kwathu ku Africa nako chambachi chili ndi eni ake. Ku Botswana kuli magulu a metal monga Wrust ndi Skinflint a ku Gaborone, komanso Overthrust a ku Ghanzi, tawuni ya m'chipululu cha Kalahari kumene kumachitika chikondwerero cha metal chothandizira ana ovutika. Ku Niger kuli Mdou Moctar, amene gitala yake yoyamba anaipanga yekha ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo nyimbo zake zinayamba kufala pa ma memory card a m'mafoni, njira yomweyo imene nyimbo zimayendera kuno. Chitsanzo chapafupi kwambiri chili kwa anansi athu ku Zambia.

Ku Zambia kunachitika chiyani, ndipo chimbale chawo chopambana n'chiti?

M'zaka za m'ma 1970, ndalama za mkuwa zikuyenda, achinyamata a ku Copperbelt ndi Lusaka anagula magitala n'kupanga chamba chimene chimatchedwa Zamrock. Pakati pa zaka zimenezo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wayilesi zikhale za m'dzikomo, ndipo magulu anapeza bwalo. Mtengo wa mkuwa utagwa, kenako matenda a Edzi atatenga oyimba ambiri m'zaka za m'ma 1980, chambachi chinazilala mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles itayamba kutulutsanso zimbale zakalezo. Okonda Zamrock amakangana makamaka pa zimbale zitatu. Otsatira WITCH, gulu la Jagari Chanda, amaika patsogolo Lazy Bones!! cha 1975 chifukwa nyimbo zake n'zomangidwa bwino ndipo oyimba anali atakhwima. Ena amati Africa cha Amanaz, chotuluka chaka chomwecho, n'chozama kuposa: n'chodekha, chachisoni, nyimbo zina zili m'Chibemba, ndipo gululi silinatulutsenso chimbale china. Gulu lachitatu limakakamira Day of Judgement cha 1976, cha Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Majambulidwe ake ndi okhakhala, koma gitala yake ndi yaukali kuposa zinzake, yoyandikira metal. Amene amafuna ukatswiri amasankha WITCH, ofuna kukhudzidwa mtima amasankha Amanaz, ofuna moto amasankha Ngozi. Kwa ife Ngozi Family ili ndi mwayi wina, pakuti nyimbo zake zina zili m'Chinyanja chimene timamva. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma mu 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi" n'kuchiika mu nyimbo yake ya "Noid". WITCH nayo inadzukanso n'kutulutsa Zango mu 2023.

N'chifukwa chiyani amakangana za chimbale chonse m'malo mwa nyimbo imodzi yokoma?

Chifukwa mu rock ndi metal ntchito imene woyimba amapereka kuti aweruzidwe nayo ndi chimbale. Mwambowu unayamba nthawi ya mbale zakuda za galamafoni, zimene mbali imodzi inkatenga mphindi pafupifupi 20. Malire amenewo ankakakamiza gulu kuganiza mofatsa: titsegule ndi nyimbo iti, womvera apumire pati, mbali yoyamba ithe bwanji kuti afune kutembenuza. Gulu la Pink Floyd linafika polumikiza nyimbo za The Dark Side of the Moon cha 1973 kuti mbali iliyonse iziyenda osadukiza. Ife Amalawi izi si zachilendo. Okonda Black Missionaries mpaka lero amatsutsana kuti pa mndandanda wa Kuimba chimbale chokhwima n'chiti, ena osasunthika pa ziwiri zoyamba za Evison Matafale amene anamwalira mu November 2001, ena akuti gululi linakula pambuyo pake. Okonda malemu Lucius Banda nawo amayerekeza zimbale zake zoyambirira ndi zimene zinatuluka pambuyo pake. Vuto la masiku ano ndi lakuti pa memory card nyimbo zimabwera zosakanikirana, nthawi zina popanda dzina la chimbale kapena chaka. Mukafuna kulowa nawo mtsutsowu, pemphani wokuikirani nyimbo kuti aike chimbale chathunthu mu foda yakeyake, nyimbo zitatsatana mmene eni ake anazikonzera.

Kodi n'zoona kuti metal ndi nyimbo za satana?

Funso ili ndi lolemera, ndipo makolo amene amalifunsa sakulakwa kudera nkhawa zimene ana awo akumvera. Yankho loona lili ndi mbali ziwiri. Alipo magulu ochepa amene amadana ndi Chikhristu poyera, ndipo ku Norway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anyamata ena a chamba cha black metal anatentha matchalitchi, kuphatikizapo cha Fantoft mu 1992, ena mwa iwo n'kumangidwa. Zimenezo zinachitikadi ndipo n'zoipa. Koma magulu ambiri amagwiritsa ntchito zigaza, mdima ndi moto monga mmene opanga mafilimu oopsa amachitira, pofuna kukamba za imfa, nkhondo ndi mantha. Geezer Butler, amene ankalemba mawu a nyimbo zambiri za Black Sabbath, anakulira m'banja la Chikatolika. Nyimbo yawo ya "War Pigs" imadzudzula atsogoleri otumiza ana a amphawi kunkhondo, ndipo "After Forever" imalimbikitsa kukhulupirira Mulungu. Chizindikiro chokweza zala ziwiri ngati nyanga chimene ambiri amachiopa anachitchukitsa ndi Ronnie James Dio, amene ankati anachitengera kwa agogo ake aakazi a mtundu wa ku Italy, omwe ankachita potchinga diso loipa. Palinso metal yachikhristu: gulu la Stryper linkaponyera anthu Mabaibulo pa zoyimbayimba zake m'zaka za m'ma 1980. Njira yanzeru ndi kuweruza chimbale chilichonse pachokha. Werengani mawu ake, ndipo ngati akutsutsana ndi chikumbumtima chanu, chisiyeni. Zimbale zina zambiri zilipo.

Kodi chimbale chimene chagulidwa kwambiri sindicho chopambana?

Mtsutso waukulu kwambiri mu metal wagona pomwepa, ndipo dzina lake ndi Metallica. Mu 1986 gululi linatulutsa Master of Puppets, chimbale cha nyimbo 8 zazitali, zothamanga, zosinthasintha mayendedwe. Nyimbo imene chimbalecho chinatengera dzina imapitirira mphindi 8 ndipo imakamba za ukapolo wa mankhwala osokoneza bongo. Chaka chomwecho woliza besi wawo, Cliff Burton, anafa pa ngozi ya basi ku Sweden. Mu 1991 anatulutsa chimbale cha chikuto chakuda chimene anthu amangochitcha Black Album. Nyimbo zinafupika, liwiro linatsika, majambulidwe anakhala apamwamba, ndipo ku America kokha chinagulidwa makope oposa 16 miliyoni. Otsatira akale anakwiya, amvekere gululi lagulitsa mzimu wake pofuna wayilesi. Ena anayankha kuti kupeka nyimbo yaifupi imene imagwira anthu mamiliyoni n'kovuta kuposa kupeka yaitali yodzionetsera. Onse ali ndi mfundo. Komabe pamene magazini ya Rolling Stone inasanja zimbale 100 zopambana za metal mu 2017, Master of Puppets chinakhala pa nambala 2, kutsatira Paranoid cha Black Sabbath. Ndipo Black Sabbath yomweyo, itangoyamba, olemba nkhani za nyimbo ambiri ankainyoza. Malonda amatiuza kuti chimbale chinafika kwa anthu angati. Ngati chinali chakuya, zimadziwika patapita zaka, oyimba ena akamaphunzirabe kwa icho.

Chingerezi chawo sindikumva, ena amangokuwa. Ndingaweruze bwanji?

Amalawi takhala tikuvina rumba ya ku Congo kwa zaka zambiri osamva Chilingala, ndipo timadziwa bwinobwino kusiyanitsa gulu lokhoza ndi lolephera. Mu metal mawu a munthu nthawi zambiri amagwira ntchito ngati chida china choyimbira. Kubangula kumene mumamva mu death metal kumachita kuphunziridwa: mpweya umachokera m'mimba, ndipo wochita mosadziwa amawononga pakhosi msanga. Si metal yonse imene imabangula. Bruce Dickinson wa Iron Maiden ndi Rob Halford wa Judas Priest amayimba mokweza ndi momveka, ndipo woyamba kumene angachite bwino kuyambira kwa iwo. Yambani ndi ng'oma, chifukwa khutu lokulira pa likhuba ndi utse silisochera pa ng'oma. Mverani ngati woyimba ng'oma akungothamanga kapena akukambirana ndi gitala. Kenako tsatani riff: kodi mutha kuing'ung'udza nyimbo itatha? Mawu muwafufuze pomaliza, pa foni, mukafuna kudziwa ngati uthenga ukulingana ndi kulemera kwa zida. Chimbale chovuta sichitseguka tsiku limodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati aliyense ali ndi chokonda chake, mtsutsowu uli ndi phindu lanji?

Kukonda ndi kwa mwini, ndipo palibe angakulandeni. Koma kunena kuti chimbale ichi chaposa icho ndi mlandu wofuna umboni, ndipo umboni wake umamveka ndi khutu. Pali miyeso imene okonda nyimbo okhwima amagwiritsa ntchito. Woyamba ndi mapekedwe: kodi nyimbo ikupita kwinakwake, kapena ikungozungulira pamodzimodzi? Wachiwiri ndi mgwirizano wa oyimba, pakuti katswiri wa gitala wothamangitsa zala koma osamvera anzake amawononga nyimbo. Wachitatu ndi kukwera ndi kutsika. Chimbale chaukali kuyambira poyamba mpaka pomaliza chimatopetsa, ndipo ukaliwo umasiya kumveka. N'chifukwa chake zimbale zikuluzikulu za metal zimakhala ndi malo odekha. Wachinayi ndi chatsopano chimene chimbalecho chinabweretsa pa nthawi yake, ndipo apa mpamene chaka chotulukira chimafunika: kutsanzira Black Sabbath lero n'kosavuta, koma mu 1970 iwo analibe woti amutsanzire. Wachisanu ndi chilungamo cha woyimba, ngati ukali kapena chisoni chake chikuchokera mumtima. Awiri akatsutsana pogwiritsa ntchito miyeso yotere, aliyense amachoka atamva chinthu chimene khutu lake linkadumpha. Akamangotukwanizana kuti ndiwe wotsalira, palibe amene waphunzira kanthu.

Kodi rock kapena metal ya m'Chigwa cha Shire ingatheke?

Ingatheke, ndipo ena anaonetsa kale njira. Thomas Mapfumo wa ku Zimbabwe anayamba ndi kuyimba nyimbo za rock za kunja, kenako m'zaka za m'ma 1970 iye ndi oliza gitala monga Jonah Sithole anasamutsira kayimbidwe ka mbira pa gitala yamagetsi, pakubadwa chimurenga. Gulu la metal la ku Brazil la Sepultura linapita kukajambula ndi anthu a mtundu wa Xavante n'kutulutsa Roots mu 1996. Otsatira ake mpaka lero amagawikana, ena akuti Arise cha 1991 ndicho metal yeniyeni, ena akuti pa Roots mpamene gululi linamveka kuti ndi la kwawo. Kuno Lucky Stars ndi nyimbo yawo ya "Chinafuna M'bale", komanso Agorosso, atsimikiza kuti Chisena ndi kayimbidwe ka m'Chigwa zimakhala bwino pa gitala. Zovuta zilipo. Magitala amagetsi, ma ampu ndi ng'oma za bandi n'zodula, ndipo midzi yambiri ilibe magetsi. Palinso vuto la luso lenileni. Akatswiri amene anayeza ulimba wa Asena, monga Andrew Tracey amene mu 1991 analemba za gulu la Kambazithe Makolekole, anaonetsa kuti mawu ake amakwera masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana, pamene gitala inagawidwa masitepe 12. Ziwirizi sizigwirizana zokha. Woliza gitala ayenera kukoka nsambo ndi chala kapena kuzimanga mwatsopano kuti atsate ulimba, m'malo mosema matabwa a ulimba kuti agonjere gitala. Amene adzathetse vuto limeneli adzakhala ndi mawu amene kulibe kwina padziko. Zoti ayimbe sizikusowa: madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabanja okhala m'misasa, mlimi wa thonje wodikira mtengo wabwino, mnyamata wodula nzimbe dzuwa lili pamutu. Nkhani zolemera chotere zimafuna nyimbo zolemera. Wachinyamata amene akufuna kuyesa ayambe ndi zinthu ziwiri: amvere zimbale zathunthu za Ngozi Family, Black Sabbath ndi Mdou Moctar, ndipo apite akakhale pansi pafupi ndi mkulu woyimba ulimba m'mudzi mwawo, aphunzire mbali imodzi mpaka aigwire bwino.